Awiri pa Njinga Yamoto: Ulendo Woyamba Wautali ndi Wokondedwa Wanu

Ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona mumzinda wa Lilongwe, njinga yamoto tsopano ndi katundu wa pakhomo. Ambiri anaigula kuti azichitira kabaza, ena kuti aziyendera kuntchito ku Kanengo kapena ku Old Town. Njinga ikakhala pakhomo, limafika tsiku loti banja liganize zoyenda nayo kutali: kuchinkhoswe ku Mchinji, kukazonda apongozi ku Dedza, kumaliro ku Kasungu, kapena kukapitidwa mphepo ku Senga Bay pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Munthu akawerengera ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, n'kuiyerekeza ndi malita ochepa a petulo, mtima umathamangira ku njinga.

Funso ndi lakuti: kodi munthu wozolowera kuyendetsa m'tauni ndi wokonzeka kunyamula mkazi wake, mwamuna wake kapena bwenzi lake pa mtunda wa makilomita 100 kapena kuposa? Ngati sanakonzeke, chikuperewera n'chiyani? Kuno oyendetsa ambiri ndi amuna ndipo okhala kumbuyo pa maulendo otere ambiri ndi akazi, choncho zitsanzo zitsamira kumeneko. Mfundo zake sizisintha awiriwo akasinthana malo.

## Ulendo wautali umasiyana pati ndi wa m'tauni

Awiriwa amanyamuka ndi chidaliro chimene anachipeza mumzinda. Woyendetsa amati wanyamulapo anthu osawerengeka kuchokera ku Chinsapo kukawatula kumsika waukulu. Mnzakeyo amati kabaza anayamba kukwera kalekale. Onse akunena zoona. Koma luso limenelo ndi la mphindi 10 kapena 20, pa liwiro lochepa, mumsewu umene dzenje lililonse amalidziwa.

Mukangotuluka mumzinda liwiro limakwera, chifukwa pa M1, M12 kapena M14 njinga yoyenda mwachifatse imapanikizidwa ndi mabasi ndi malole. Nthawi nayo imatalika. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ku Salima pafupifupi 100, ku Mchinji pafupifupi 110, ku Kasungu pafupifupi 130, ndipo ku Blantyre ndi opitirira 300. Pa njinga ya 125cc kapena 150cc yonyamula awiri, mukawerengera zitunda, mahampu, misika ya m'njira ndi kupuma, Salima ndi ulendo wa maola awiri ndi theka kapena atatu, pamene Blantyre ndi wa tsiku lathunthu. Thandizo nalo limakhala patali. Tayala likaphwa ku Biwi, wokonza ali pafupi pomwepo. Likaphwa pakati pa Chezi ndi Mvera, awiri aja ayenda pansi akukankha.

## Mmene tinafikira pano

Mpaka cha m'ma 2000, njinga yamoto m'Malawi inali ya anthu owerengeka: alangizi a zaulimi, azaumoyo, ansembe ndi abusa oyendera mipingo ya kumidzi, ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Zambiri zinali za ku Japan, za Honda ndi Yamaha, ndipo zinali za kuntchito, osati za banja. Kabaza woyamba anali wa njinga zakapalasa. M'zaka za m'ma 2010 ndi pamene njinga zotsika mtengo zochokera ku China ndi India, monga Lifo, King Lion, SanLG, Boxer ndi TVS, zinadzaza m'matauni ndi m'maboma, zina zitalowera m'malire a Mozambique.

Mbiri imeneyi yatisiyira zizolowezi ziwiri. Choyamba, oyendetsa ambiri sanapite ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa. Anaphunzitsidwa ndi mnzawo pabwalo la mpira, masiku angapo, kenako n'kulowa mumsewu. Amadziwa bwino kuzemba maenje ndi kulowerera pakati pa magalimoto, koma palibe anawaonetsa kuima mwadzidzidzi pa liwiro la makilomita 70 pa ola ali ndi munthu kumbuyo. Chachiwiri, okwera anabwera ndi kakhalidwe ka pa njinga yakapalasa: kukhala chammbali pa kaliyala, dzanja limodzi litagwira chikwama, lina foni. Pa njinga yopalasa zimenezo zinkatheka. Injini itabwera, kakhalidwe kanatsala komweko.

## Zimene zimasintha njinga ikanyamula awiri

Njinga zambiri za m'makwalalamu zimalemera makilogalamu pakati pa 100 ndi 130. Tiyerekeze njinga ya makilogalamu 120 ndi woyendetsa wa makilogalamu 65. Pakabwera munthu wa makilogalamu 60 ndi katundu wa makilogalamu 15, kulemera konse kwakwera ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse. Galimoto yolemera makilogalamu oposa 1,000 siimva kuti mwalowa munthu mmodzi. Njinga imamva.

Vuto si kulemera kokha, koma pamene kwakhala. Wokwera amakhala kumbuyo ndiponso pamwamba. Tayala lakutsogolo limapepuka, mahandulo amayamba kugwedera makamaka pokwera chitunda, ndipo nyali imaloza m'mwamba m'malo moloza pansi. Masipuling'i akumbuyo amafinyika, moti njinga ikagwera m'dzenje chitsulo chimagunda chitsulo chinzake ndipo nkhonya yake imathera m'msana mwa wokhala kumbuyo. Njinga zambiri zili ndi posinthira kulimba kwa masipuling'iwa, ndipo mmisiri aliyense wa njinga amasintha mosachedwa, koma ndi ochepa amene amakumbukira kumufunsa. Tcheni nalo liyenera kuonedwa awiriwo atakhalapo, chifukwa limakungika njinga ikalemedwa.

Mpweya wa m'matayala ndi nkhani yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Tayala losapopedwa mokwanira limapindikapindika likamazungulira, limatentha, ndipo chubu chimatha kuphulika. M'tauni tayala limapeza nthawi yozizira. Pa tala wa mwezi wa Okutobala, maola awiri osaima, silipeza. Opanga njinga amalemba milingo iwiri ya tayala lakumbuyo, wa munthu mmodzi ndi wa anthu awiri. Pa njinga zambiri zazing'ono za ku India milingoyi imakhala cha pa 28 psi ndi 32 psi, koma wotsata ndi umene walembedwa pa njinga yanuyo kapena m'kabuku kake. Kudina tayala ndi chala si kuyeza.

Pa mabuleki pali masamu amene woyendetsa aliyense ayenera kuwadziwa. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo imatha munthu asanagwire n'komwe buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Mukawonjezera munthu wachiwiri, mabuleki aang'ono omwe aja ali ndi ntchito yochuluka. Komanso woyendetsa akamanga mwamphamvu, thupi la wakumbuyo limatsetserekera kutsogolo n'kumukankhira pa mahandulo pa nthawi imene akufunika manja omasuka. Pali oyendetsa ambiri amene amaopa buleki yakutsogolo, amati imagwetsa, n'kumadalira yakuphazi yokha. Pa tala wouma, mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogolo. Chofunika ndi kugwira zonse ziwiri, kuyamba mofewa n'kumawonjezera, osati kutswanya kamodzi. Pa mchenga ndi m'matope m'pamene yakutsogolo imafuna kusamala kwambiri.

Kupitirira galimoto ina kumatenganso nthawi yotalikirapo. Mpata umene woyendetsa amaukwanitsa ali yekha, ali awiri sangaukwanitse.

Pokhota ndi pamene wokwera amaoneka kuti nayenso akuyendetsa nawo. Njinga imakhota popendekeka. Munthu wosazolowera akaona tala akuyandikira, thupi lake limadziwongola lokha kapena kupendekera kwina. Akatero njinga imakana kukhota ndipo imalowera kunja kwa kona, mwina m'mbali mwa msewu, mwina kumene kukubwera galimoto. Thumba la chimanga limakhala pamene mwalimanga, koma munthu amasuntha, amadzidzimuka, amatembenuka kuti aone anyani m'mbali mwa msewu. Langizo losavuta ndi lakuti wokwera aziyang'ana kudzera pa phewa la woyendetsa la mbali imene akukhotera: kona ya kumanzere, phewa la kumanzere. Thupi limatsatira lokha. Sayenera kupendekeka mowonjezera, ndiponso asasinthe kakhalidwe pakati pa kona kapena njinga ikuyenda pang'onopang'ono, chifukwa m'pamene imagwa mosavuta.

Pogwira pabwino ndi m'chiuno mwa woyendetsa, mawondo atapana pang'ono. Kugwira mapewa kapena mikono kumasokoneza chiwongolero. Kugwira kaliyala kumbuyo ndi manja onse kumakokera thupi chagada, ndipo njinga ikadumpha dzenje kapena ikanyamuka mwamphamvu, munthu amatsala. Amayi ambiri anazolowera kusamugwira wakabaza chifukwa ndi mlendo, ndipo ena amachita manyazi kugwira ngakhale amuna awo pamaso pa anthu. Manyazi amenewo ayenera kutsala pakhomo. Mapazi akhale pa zopondera nthawi zonse, ngakhale njinga itaima pa chipata cha apolisi. Kukwera ndi kutsika kuchitikire kumanzere, woyendetsa atanena kuti wakonzeka, chifukwa kumanja kuli ekizozi, ndipo zipsera za pa katumba zimene amayi ambiri ali nazo zinachokera pamenepo.

Katundu akhale wochepa, wotsika, womangidwa zolimba ndi malegeni opanda nsonga zolendewera. Chikwama cholemera cha kumsana chimakokera wokwera kumbuyo ndipo chimamutopetsa msanga. Ndipo kumbukirani kuti ulendo wobwerera umalemera kuposa wopita. Kumudzi salola mwana wawo kubwerera chimanjamanja: ufa, mtedza, maungu, nkhuku. Kukana mphatso za apongozi n'kovuta, koma kuzikweza minibasi kapena kuzisiya kuti zibwere tsiku lina n'kotheka.

## Chammbali kapena mwendo uku mwendo uku

Apa ndi pamene anthu amatsutsana kwambiri, ndipo mkanganowu uli ndi mizu. Kuyambira 1973 mpaka 1993, lamulo la kavalidwe m'Malawi linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Lamulolo linatha, koma maganizo ake sanathe nalo. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi m'mizinda ina anavula akazi ovala mathalauza, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika analankhulapo kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Choncho mayi akamakayika kukafika kwa apongozi atavala jinzi, atakhala mwendo uku mwendo uku, si kuti ndi wosamva. Akudziwa mmene anthu akamuonere.

Amene amakonda kukhala chammbali amati ndi ulemu, chitenje chimakhala bwino, ndipo zinthu zikavuta munthu amadumpha mosavuta. Mfundo yomalizayi ndi yoona pa njinga yopalasa. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola palibe kudumpha, pali kugwa. Wokhala chammbali sangapane ndi mawondo, kulemera kwake kuli mbali imodzi, ndipo njinga ikagwedezeka mwadzidzidzi amagwa chagada, nkhongo n'kuyamba kufika pansi. Sathanso kutsatira bwino njinga pokhota, chifukwa kona ina imamugwetsera kutsogolo kwake, ina kumsana kwake.

Mayiko ena akumana ndi funso lomweli ndipo ayankha mosiyana. Ku India, kumene akazi ambiri amakhala chammbali atavala sari, lamulo limafuna kuti njinga ikhale ndi chotchinga tayala lakumbuyo kuti nsalu isakodwe. N'chifukwa chake njinga zina zochokera kumeneko zimabwera ndi kachitsulo konga sefa kumanzere kwa tayala. Ena kuno amakachotsa poyesa kuti n'kokongoletsa chabe, pamene n'kothandiza kwambiri m'dziko la zitenje. Mu 2013 akuluakulu a mzinda wa Lhokseumawe ku Aceh, m'dziko la Indonesia, analetsa akazi kukhala mwendo uku mwendo uku pa zifukwa za chikhalidwe, ndipo ambiri anadzudzula kuti aika ulemu patsogolo pa moyo.

Pa ulendo wautali palibe chifukwa chomveka chokhalira chammbali. Njira imene amayi ambiri anaipeza kale ndi yokwanira: thalauza lolimba pa ulendo, chitenje m'chikwama, n'kuima pang'ono musanalowe m'mudzi kuti amange. Ngati chitenje chavalidwa panjinga, nsonga zake zipindidwe n'kukhalidwa. Mpango wautali wa m'khosi ndiye woopsa koposa, chifukwa ukakodwa m'masipoko kapena mu tcheni umakoka khosi.

## Helemeti imodzi, mitu iwiri

M'makomo ambiri helemeti ndi imodzi, ndipo imavalidwa ndi woyendetsa chifukwa ndi amene apolisi amayamba kumuyang'ana. Mutu wa wakumbuyo si wolimba kuposa wa wakutsogolo. Komanso woyendetsa amaiona ngozi ikubwera ndipo ali ndi mahandulo ogwira, pamene mnzakeyo amangozindikira ali m'malere.

Pa nkhani iyi umboni ndi wokhazikika. Mu 1935 msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anamwalira atavulala mutu pa ngozi ya njinga yamoto. Mmodzi mwa madokotala amene anamusamalira, Hugh Cairns, anayamba kufufuza za imfa za oyendetsa njinga, ndipo zimene anafalitsa mu 1941 zinathandiza kuti asilikali a dzikolo azikakamizidwa kuvala helemeti. Mu 2008 bungwe la Cochrane linaphatikiza zotsatira za kafukufuku wochuluka n'kupeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo pafupifupi 42 pa 100 alionse, ndipo cha kuvulala mutu ndi magawo pafupifupi 69. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, wakabaza aliyense amayenda ndi helemeti yachiwiri ya wokwera, umboni woti zimatheka ngakhale m'dziko losalemera.

Chimene chimateteza si chigoba chakunja chokha, koma chinkhupule cholimba cha mkati chimene chimaphwanyika m'malo mwa ubongo. Chipewa cha omanga nyumba chilibe zimenezi. Helemeti yaikulu mopitirira kapena yosamanga lamba wa pachibwano imavuka munthu asanafike pansi. Yabwino imagwira masaya ndipo siizungulira mukapukusa mutu. Chizindikiro cha ECE 22 chimasonyeza kuti inayesedwa motsata mlingo wa United Nations, ngakhale pamsika pali zina zomatidwa zizindikiro zabodza, zimene zimadziwika ndi kupepuka kwake ndi kupyapyala kwa mkati.

Amayi ena amakana helemeti chifukwa imawononga tsitsi lomangidwa kumene, ena amanyansidwa ndi thukuta la anthu ena. Zifukwazi si zopusa, koma yankho lake ndi kaduku kopyapyala mkati ndi helemeti yakeyake, yoyesedwa pamutu pake ndi tsitsi limene ayende nalo. Pambali pa mutu, chotsatira ndi nsapato zotseka, jekete lokhuthala ndi magolovesi, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja. Masilipasi amavuka pa kugwa koyamba.

## Kodi wokwera kumbuyo amawonjezera ngozi?

Pali magulu atatu a maganizo. Ena amati njinga yaing'ono si yoyendera mtunda wautali anthu awiri, kwerani basi. Ali ndi mfundo. Lipoti la World Health Organization la mu 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi ndi apanjinga, zopalasa ndi zamoto. Ku United States, kumene amawerengera ngozi pa mtunda woyendedwa, wa pa njinga yamoto ali pa chiopsezo cha imfa choposa ka 20 poyerekeza ndi wa m'galimoto. Ena amati ndi kabaza yemweyo, kungoti watalika. Awa ndi amene akulakwitsa kwambiri, pa zifukwa zimene taona kale. Gulu lachitatu limati zimatheka, malinga njinga, woyendetsa ndi wokwera akonzekere.

Kafukufuku wina wakale amathandiza kuona pamene pagona vuto. Mu 1981 Harry Hurt ndi anzake a ku University of Southern California anafalitsa zimene anapeza ataunika ngozi 900 za njinga zamoto ku Los Angeles. Sanapeze kuti njinga zonyamula munthu kumbuyo zinkachita ngozi mochuluka kuposa mmene zinkapezekera pamsewu. Anapeza kuti oposa theka la oyendetsa amene anachita ngozi anali asanathe miyezi 5 akuyendetsa njinga imeneyo, ndipo ochuluka zedi anadziphunzitsa okha kapena anaphunzitsidwa ndi anzawo ndi abale. Misewu ya Los Angeles si ya Nathenje, ndipo njinga zake zinali zazikulu, choncho zotsatirazi sitingazitenge zonse. Koma zikuloza kumene nzeru wamba imalozanso: choopsa kwambiri ndi kusazolowera. Njinga yogula mwezi watha kapena yobwereka dzulo si yoyambira ulendo wotere. N'chifukwa chakenso ku South Africa ndi ku Britain munthu amene akadali wophunzira saloledwa kunyamula munthu pa njinga yamoto.

Kuzolowera kumabwera poyesa. Awiriwo ayambe pabwalo lopanda anthu: kunyamuka, kukhota uku ndi uku, kuima mwadzidzidzi kangapo mpaka wokwera adziwe mmene thupi lake limachitira. Kenako ayende ulendo wa ola limodzi, monga kukafika ku Nathenje kapena ku Lumbadzi n'kubwerera, atanyamula katundu wofanana ndi wa tsiku lenilenilo. Mpando wopweteka ndi helemeti yothina zimadziwika pamenepo.

## Msewu ndi nthawi yake

Msewu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Wa ku Salima umatsika kuchoka pa mamita pafupifupi 1,050 a Lilongwe kufika pa mamita ochepera 500 a kunyanja, ndipo cha ku Mvera uli ndi makona ndi zitsetse. Wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti kudzera pa Khwekhwerere ndi wokhotakhota koposa, wosayenera ulendo woyamba. Potsetsereka patali mabuleki amatentha n'kuyamba kufooka, choncho njinga itsike ili m'giya yotsika kuti injini izithandiza kuigwira. Chizolowezi chozimitsa injini kapena kuchotsa giya pa chitsetse pofuna kusunga mafuta n'choopsa munthu ali yekha, ndipo ali awiri n'choopsa kowirikiza.

Wa ku Dedza umakwera mpaka cha pa mamita 1,600. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo ya kumeneko imaumitsa zala, ndipo munthu wozizidwa amachedwa kugwira buleki. Pa M1 chovuta china ndi malole. Lole ikamadutsa, mphepo yake imayamba yakukankhirani kunja kenako n'kukukokerani mkati, pamene m'mphepete mwa tala m'malo ambiri ndi modyeka. Wokwera auzidwiretu zimenezi kuti asadzidzimuke. Pa misika ya m'njira monga Chimbiya, Lizulu, Mponela ndi Msundwe, makamaka tsiku la msika, anthu, mbuzi, ngolo ndi minibasi zimalowa mumsewu mosayang'ana.

Kunyamuka m'mamawa kutacha ndi kwanzeru. Kuno mdima umagwa cha m'ma 6 koloko, ndipo usiku msewu umakhala ndi njinga zopanda nyali, ngolo zopanda zonyezimira ndi magalimoto owonongeka otchingidwa ndi masamba okha. Mvula yoyamba ya Novembala imatereretsa tala chifukwa imasakanikirana ndi fumbi ndi mafuta. Mvula ikayamba, kuusa pa khonde la golosale n'kwabwino kuposa kulimbana nayo. Mafuta nawo athiridwe odzaza musananyamuke, poti zaka zapitazi zatiphunzitsa kuti malo omwetsera mafuta amatha kukhala ouma, ndipo a m'zigubu a m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala osakaniza.

## Kutopa ndi kukhala chete

Apa ndi pamene kunyamula wokondedwa kumasiyana ndi kunyamula kasitomala. Kasitomala akaopa amakalipa, akatopa amatsika. Mkazi wa munthu, kapena bwenzi latsopano, kawirikawiri amapirira. Safuna kuoneka wamantha, safuna kuoneka ngati akunyoza luso la mwamuna wake, ndipo ambiri analeredwa kuti kudandaula panjira si khalidwe. Woyendetsa naye ali ndi yesero lake, lofuna kuonetsa kuti njinga imathamanga ndipo iye ndi katswiri. Kupirira kwa wina kukakumana ndi kudzionetsa kwa mnzake, palibe amene amanena kuti tiime.

Komatu wakumbuyo ndi amene amatopa msanga. Mpando wake ndi waung'ono, uli pamwamba pa tayala, mawondo ake ndi opindika, saona kutsogolo bwino, ndipo alibe chochita. Woyendetsa amakhala maso chifukwa ali pa ntchito. Wokwera amatha kuodzera, makamaka masana kukutentha atadya nsima, ndipo munthu wogona pa njinga amagwa. Helemeti yake ikayamba kugunda yanu pafupipafupi popanda kumanga buleki, imani pomwepo. Amayi ena samwa madzi tsiku lonse poopa kusowa kokataya madzi m'njira, ndipo mapeto ake ndi mutu ndi chizungulire.

Choncho ulendo uyezedwe ndi mphamvu za wokwera, osati za woyendetsa. Kupuma pakatha mphindi 45 kapena ola limodzi kukhale pangano lopangana kunyumba, kuti pasakhale wopempha. Mphepo ndi injini zimameza mawu, choncho pakhale zizindikiro zochepa zogwirizana, monga kugogoda ntchafu kamodzi kutanthauza chepetsani, kawiri kutanthauza imani. Ndipo mayi akanena kuti, “Bambo, taimani kaye, miyendo yachita dzanzi,” yankho lake ndi kuima, osati, “Tatsala pang'ono kufika.” Nkhani zovuta za m'banja zidikire pofika, chifukwa munthu wokwiya amakoka mafuta osazindikira.

Mowa ukambidwenso musananyamuke. Ku ukwati ndi kuchinkhoswe woyendetsa amapatsidwa chakumwa mwaulemu, ndipo kukana kumavuta. Awiriwo agwirizane kuti akamwa agona komweko, ndipo wokwera ali ndi ufulu wokana kukwera.

## Malamulo, ana, ndi ngozi ikachitika

Lamulo la Road Traffic Act la mu 1997 ndi limene limayendetsa za pamsewu, ndipo ziphaso zimaperekedwa ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services. Laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, ya A ndi ya zazikulupo. Njinga iyenera kukhala yolembetsedwa, ya nambala ndi inshuwalansi, ndipo onse awiri avale helemeti. Njinga zambiri za m'makwalala zilibe mapepalawa, ndipo eni ake akamapita kutali amazemba zipata za apolisi podzera njira za fumbi kapena kuyenda usiku, kumene ndi kuwonjezera ngozi pofuna kuthawa chindapusa. Ndi bwinonso kufunsa a inshuwalansi ngati pepala lanu likuteteza munthu wokwera kumbuyo, chifukwa mapepala amasiyana.

Mpando wa njinga ndi wa anthu awiri. Mwana woikidwa pakati, pa thanki kapena wobereka kumbuyo alibe helemeti yomukwana, alibe popondera, ndipo pa ngozi amaphwanyidwa ndi matupi a makolo ake omwe. Mayi woyembekezera naye ndi bwino akwere galimoto, chifukwa kugwa ngakhale kwapang'ono kungavulaze pakati.

Ngozi ikachitika, choyamba ndi kuchenjeza magalimoto ena kuti ovulala asagundidwenso. Wovulala asavulidwe helemeti pokhapokha ngati akulephera kupuma, ndipo asanyamulidwe mopinda khosi kapena msana. Pamene pakutuluka magazi padinidwe ndi nsalu yoyera. Asapatsidwe madzi kapena chakudya, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Zipatala za m'maboma monga Salima, Dedza, Mchinji ndi Kasungu zimapereka thandizo loyamba, ndipo ovulala kwambiri mafupa ndi mutu amatumizidwa ku Kamuzu Central, kumene kuli Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery. Munthu amene wagunda mutu akhoza kudzuka n'kumayenda bwinobwino, magazi akutuluka pang'onopang'ono mkati. Akayamba kusanza, kusokonezeka, kugona kwambiri kapena kumva mutu wokulirakulira m'maola kapena masiku otsatira, apite naye kuchipatala msanga. Helemeti imene yagunda pansi mwamphamvu isavalidwenso ngakhale kunja ikuoneka yabwino, chifukwa chinkhupule cha mkati chikaphwanyika sichibwerera.